Mpingo ndi Sukulu: Za Anzathu Amene Anatumikira m'Makomiti a Masukulu

Pamene tikukondwerera zaka 50 za mpingo wathu, masamba ambiri a kabuku kano akukamba za abusa amene anatiweta, za kumanga tchalitchi, za makwaya ndi za Chigwirizano cha Amai. Komiti yokonza chikondwererochi inaona kuti pali utumiki wina umene sitiutchula kawirikawiri paguwa, ndiwo wa abale ndi alongo amene anasankhidwa kukhala m'makomiti a masukulu a m'midzi mwathu. Ambiri a iwo anagona kale. Utumiki wawo unalibe yunifomu kapena malipiro, ndipo nthawi zambiri unkawabweretsera mikangano ndi anansi awo.

Mwambo umenewu ndi wakale kuposa mpingo wathu. Amishoni a Dutch Reformed Church ochokera ku Orange Free State atakhazikika ku Magwero mu 1899, anatsegula Madzimoyo mu 1903, Nyanje mu 1905 ndi Nsadzu mu 1908. Kulikonse kumene ankafika, sukulu ndi tchalitchi zinali nyumba imodzi. Pakati pa sabata ana ankaphunziramo kuwerenga, Lamulungu anthu ankapempheramo, ndipo mphunzitsi anali yemwenso mlaliki. Kanyumba ka udzu kameneko kankamangidwa ndi eni mudzi. Denga likadontha, akulu a mpingo ndiwo ankapita kwa anyakwawa kukapempha anthu omweta udzu. Panthawiyo panalibe dzina lakuti komiti ya sukulu, koma ntchito yake inali yomweyi.

Zambia italandira ufulu mu 1964, ndipo makamaka pambuyo pa lamulo la maphunziro la 1966, masukulu ambiri a pulayimale anachoka m'manja mwa mamishoni n'kupita m'manja mwa boma. Mipingo inatsala ndi masukulu ochepa, monga sekondale ya mpingo wathu ku Katete ndi Chassa ya abale a Marist ku Sinda. Akristu ena anadandaula kuti ana awo alandidwa. Koma dongosolo la boma linkafuna kuti pa sukulu pakhale bungwe la makolo ndi aphunzitsi, la PTA, ndipo tsiku losankha likafika anthu ankaloza omwe aja amene ankawadziwa kale: mkulu wa mpingo, dikoni wosunga chopereka, mai woyang'anira Chigwirizano. Munthu amene wasunga ndalama za tchalitchi zaka zingapo popanda mlandu, anthu ankamukhulupirira kuti asunganso za sukulu.

Kodi anali anthu otani? Ambiri anali alimi a chimanga, nshawa ndi thonje amene sukulu anailekeza panjira. Ena anali atagwira ntchito kumigodi ya ku Copperbelt, ena kumapulazi a ku Southern Rhodesia kapena kumgodi wa malasha ku Wankie, ndipo anabwerera kumudzi akudziwa kulemba zokambirana pamsonkhano, kuwerengera njerwa ndi kulankhula ndi bwana wa ofesi mopanda mantha. Analipo aphunzitsi opuma ntchito, amesenjala akale a pa boma, ndi ogwira ntchito m'zipatala monga cha Nyanje ndi cha St Francis ku Katete, chimene chinatsegulidwa mu 1948. Chimene chinkawagwirizanitsa n'chakuti onse anadzionera okha kumene anayendako kuti ntchito zabwino zinkapita kwa wodziwa kulemba.

Mpingo wathu unakula m'zaka zovuta. Mtengo wa kopa utagwa mu 1975, ndalama za boma zinachepa chaka ndi chaka, ndipo pofika m'ma 1980 ndi m'ma 1990 katundu wambiri wa sukulu anagwera makolo. Apa ndi pamene ntchito ya makomiti inalemera. Mudzi uliwonse unkapatsidwa chiwerengero cha njerwa zoti uumbe ndi kuotcha. Amai ankatuta mchenga kumtsinje ndi kutunga madzi, eni ngolo ankanyamula miyala, ndipo wapampando wa PTA ankayenda panjinga mudzi ndi mudzi kukumbutsa amene sanabwere. Nyumba ya mphunzitsi inali nkhani yaikulu kuposa kalasi, pakuti mphunzitsi wotumizidwa kusukulu yopanda nyumba ankangofika, kuona, n'kubwerera ku boma kukapempha kwina. Makalasi ambiri amene ana athu akhalamo lero, ngati mungakande pulasitala, mupeza njerwa za m'zaka zimenezo.

Tisabise kuti panalinso zowawa. Ndalama ya PTA inali yaing'ono kwa wokhala nayo, koma kwa mai wamasiye m'chaka cha njala ngati 1992 inali yosapezeka. Makomiti ena ankabweza ana kunyumba chifukwa cha ngongoleyi, ndipo mkulu yemweyo amene anabweza mwana Lachisanu ankaima patsogolo Lamulungu kugawa chikho cha Mgonero kwa mai ake. Ena a akulu athu anavomera kulandira nkhuku kapena ndowa ya chimanga m'malo mwa ndalama. Ena analipirira ana a eni mwakachetechete. Analiponso amene anaumitsa mtima, ndi asungichuma amene mabuku awo sanagwirizane ndi ndalama, mpaka mlandu kufika ku bwalo la mpingo. Mbiri imeneyi nayonso ndi yathu.

Mu 1996 boma linatulutsa ndondomeko ya Educating Our Future, imene inabweretsa mabodi a maphunziro m'maboma ndi m'masukulu a sekondale, okhala ndi oimira makolo. Mu 2002 linalengeza kuti maphunziro a Giredi 1 mpaka 7 akhale aulere. M'zaka zomwezo midzi yakutali ndi sukulu inayamba kutsegula masukulu akeake, amene ambiri anayambira m'matchalitchi, ndipo komiti ya makolo ndiyo inkafuna mphunzitsi wodzipereka n'kumamusonkhera chimanga.

Koma nkhondo yaikulu ya makomiti sinali ya njerwa. Kuno kwathu mnyamata ankatha zaka zingapo akuweta ng'ombe za munthu wina kuti pamapeto apatsidwe yake imodzi, ndipo makolo ankaona ng'ombeyo ngati phindu looneka kuposa satifiketi. Kupita pakhomo la munthu kukamuuza kuti mwana wake achoke kubusa kunkafuna mtima, pakuti yankho linali lakuti, kodi mudzamupatsa ng'ombe ndinu? Nkhani ya dambwe ndi chinamwali inalinso yovuta. Mpingo unali ndi chiphunzitso chake pa Gule Wamkulu, koma m'komiti ya sukulu mkristu ankakhala pa benchi limodzi ndi anyakwawa ndi akulu a mwambo, ndipo chimene ankakambirana chinali chimodzi: miyambo ichitike nthawi ya holide, ana asajombe. Akulu athu ena anadzudzulidwa kuti akugwirizana ndi zakunja. Ine ndiona kuti anachita bwino, chifukwa ana anabwerera m'kalasi.

Za atsikana, ulemu upite kwa amai a Chigwirizano. Boma litalola mu 1997 kuti mtsikana amene watenga mimba abwerere kusukulu akabereka, akristu ambiri sanakondwe, poganiza kuti ena atengera. Amai okhala m'makomiti ndiwo ankayenda m'makomo kukamba ndi atsibweni ndi agogo kuti ukwati uyambe waima, ndipo ena anatenga makanda n'kuwalera masana kuti mai wake alembe mayeso. Mwa atsikana amenewo alipo amene lero ndi aphunzitsi ndi anamwino.

Mu 2012 Pulezidenti Michael Sata anakhazikitsa maboma atsopano. Sinda inadulidwa kuchokera ku Katete ndi Petauke, Vubwi kuchokera ku Chadiza, ndipo ulendo wopita ku ofesi ya a DEBS unafupika kwa ambiri. Mu Januwale 2022 boma la Pulezidenti Hakainde Hichilema linachotsa malipiro a sukulu mpaka Giredi 12, pamodzi ndi ndalama ya PTA ndi ya mayeso, ndipo chaka chomwecho linalemba aphunzitsi opitirira 30,000. Ndalama ya CDF inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstichuwense iliyonse, kuphatikizapo Mkaika, Milanzi, Sinda, Kapoche ndi Vubwi. Tithokoza Mulungu pa zimenezi. Ana amene anasiya anabwerera, kotero kuti makalasi anadzaza ndipo madesiki anachepa.

Chodetsa nkhawa n'chakuti kuyambira pamene ndalama inachotsedwa, makolo ambiri aleka kubwera kumisonkhano ya sukulu, poti zonse ndi za boma. Komatu pempho la kalasi kapena chimbudzi silifika ku CDF lokha. Pafunika munthu wolilemba, kulipereka ku komiti ya chitukuko ya mu wadi, ndi kulilondola, ndipo pafunikanso woyang'ana ngati kontrakitala wathira simenti yokwanira. Amene ankachita zotere akukalamba, ndipo achinyamata athu ophunzira bwino amakana akasankhidwa, ati alibe nthawi.

Maina a onse amene anatumikira sitinathe kuwasonkhanitsa, chifukwa mabuku ambiri a PTA anadyedwa ndi chiswe. Bwalo la mpingo likupempha banja lililonse limene kholo lawo linakhalapo m'komiti ya sukulu kuti lipereke kwa mlembi wa mpingo dzina lake, sukulu yake ndi zaka zimene anatumikira, kuti tiwalembe m'buku la mbiri ya mpingo chaka chino chisanathe.