Bokosi la ku Halale

Kwathu ku Angónia njanji sinafikeko, ndipo mpaka lero kulibe. Koma nkhalamba za ku Domwe ndi ku Tsangano zinkatchula masiteshoni pamtima osaphonya: Dondo, Inhaminga, Dona Ana, Port Herald, Luchenza, Limbe, Balaka. Zinkayamba kuwerengera kumwera n'kumakwera kuno, chifukwa ulendo umene unatsala m'mafupa mwawo unali wobwerera, wa katundu.

Popita munthu ankapepuka. Bulangete limodzi, kathumba ka ufa, chimanga chokazinga cha kamba, basi. Ambiri ankanyamuka usiku osatsazika, pothawa msonkho wa Apwitikizi ndi chibalo chimene chinkakokera amuna a kuno ku minda ya nzimbe ya Sena Sugar Estates kumunsi kwa Zambezi. Malire a 1891 anadula pakati dziko la Angoni a kwa Maseko, moti mnyamata wa kuno akangotsikira kwa amalume ake ku Ntcheu kapena ku Dedza, ankatchula mudzi wa kumeneko n'kulembedwa ngati munthu wa ku Nyasaland. Ena ankalunjika kumwera wapansi, kudzera ku Moatize mpaka ku Matundo, n'kuwoloka Zambezi pa pantoni kulowa mu Tete, kenako Changara, Nyamapanda, Mutoko. Pangano la 1913 linalola Southern Rhodesia kulemba anthu antchito m'chigawo cha Tete, ndipo cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 boma la kumeneko linaika malole a Ulere onyamula ofuna ntchito. Lole yokapereka munthu kwa mzungu inalipo. Nkhawa ya mmene bokosi lake lidzafikire kumudzi inali ya mwini yekha.

Agogo anga, bambo a mayi anga, anabwerako ku Halale mlatho wa Dona Ana usanathe. Anali ndi bokosi lachitsulo lotseka ndi loko, makina osokera a Singer opukusa ndi dzanja, njinga, ndi mtolo wa mabulangete womanga ndi chingwe cha khonje. Zinthu zinayi, manja awiri. Njira yapansi ya ku Tete inali yaifupi, koma ndani akanasenza Singer kukwera naye mapiri makilomita opitirira 200? Katunduyo ndiye anasankha njira, ndipo anasankha yozungulira.

Agogo anakwera sitima ku Salisbury, kudutsa Umtali ndi Vila Pery, kutsikira ku Dondo pafupi ndi Beira. Pa Dondo panali posinthira, ndipo iwo ankati m'pamene munthu ankaphunzira kuti ulendo wa katundu suyendedwa wekha. Ukapita kukatenga njinga ku bogi ya katundu, bokosi watsala nalo ndani? Ndiye ankapangana atatu kapena anayi ochokera dera limodzi, wina kukhalira mabokosi, wina kuthamangira malo, wina kulowetsa mitolo pa windo. Ubale wa pa Dondo unkalimba kuposa wa magazi. Agogo anakhala akuyenderana ndi mnzawo wa ulendo umenewo, wa ku Lizulu, mpaka imfa.

Njanji ya Trans-Zambezia, imene inatsegulidwa mu 1922, inkathera pa Murraça, kugombe la kumwera kwa Zambezi. Tsidya linalo, pa Chindio, m'pamene pankayambira njanji ina yopita ku Port Herald ndi Blantyre. Pakati pake panali mtsinje. Chilichonse, kaya thumba la mchere kaya chitsulo cha kampani, chinkatsitsidwa m'sitima, kuikidwa m'mabwato akuluakulu okokedwa ndi sitima yapamadzi ya nthunzi, n'kukakwezedwanso tsidya. M'chilimwe madzi ankaphwera, sitima yapamadzi n'kumatitimira mu mchenga. M'dzinja mtsinje unkasefukira n'kumiza madooko. Agogo anafika dzuwa litapendeka ndipo anawoloka usiku, atapanikizana ndi anzawo pamwamba pa matumba. Munthu wa ku mapiri a mphepo, amene Juni amam'peza pamoto, anakumana ndi chitungu cha m'chigwa ndi udzudzu wosamva utsi. Sanagone. Anamanga chingwe cha bokosi m'chiuno mwawo, mwendo n'kupisa m'kati mwa felemu ya njinga, makina ali pamiyendo. Ankasimba kuti mvuu zinkalira chapafupi koma iwo sankaziopa, mantha awo onse anali pa anthu onyamula katundu, amene ankaponya mitolo mu mdima osafunsa mwini. Kutacha pa Chindio anapeza gudumu la njinga litapindika ndi kulemera kwa matumba a wina.

Nthawi imeneyo sitima inkathera ku Blantyre. Kuchokera apo anali masiku angapo a miyendo, kuwoloka Shire, kudutsa Ntcheu, kenako chitunda chokwerera kwathu. Agogo anafuna anyamata awiri owasenzera, ndipo malipiro awo anali bulangete limodzi limodzi kuchokera mu mtolo uja. Ine ndimaona kuti mbiri ya njanji imeneyi ikamalembedwa imasiya gawo ili, pamene ndilo linkadya phindu la zaka zonse za kumigodi ndi kumapulazi. Mtolo unkachepa pa dooko lililonse. Wa kasitomu ankafuna chake, msupayi wa Apwitikizi akakupeza pa malire ankafunsa msonkho wa zaka zimene unasowa, ndipo mbalamatodya yomenyera m'manja inali pafupi. N'chifukwa chake ambiri ankasiya katundu kwa abale a ku Nyasaland n'kumalowetsa kamodzikamodzi usiku, kudzera m'tinjira ta m'minda.

Mu Januwale 1935 mlatho wa Dona Ana unatsegulidwa, wautali pafupifupi makilomita anayi, ndipo usiku wa pa Murraça unatha. Chaka chomwecho njanji inapitirira Blantyre kudzera ku Balaka mpaka ku Salima, moti wa ku Angónia ankatsikira pa Balaka. Mu 1949 njanji ina inafika ku Moatize, koma inadzera malasha, ife inatisiya patali chomwecho. Pa Tete pantoni inagwirabe ntchito mpaka 1973 pamene mlatho umene lero ukutchedwa Samora Machel unatha.

Wina angafunse, bwanji osangobwera ndi ndalama m'thumba? Ndalama sizioneka, ndipo za ku Rhodesia kuno kunalibe sitolo yogulako Singer. Mudzi unkayesa munthu ndi zimene watula pabwalo: nsalu ya apongozi, chikhothi cha amalume, mbale za mkazi amene walima yekha zaka zonsezo. Machona ambiri amene mafupa awo ali ku Mbare ndi ku Kadoma sanaiwale kwawo ayi. Bokosi lawo silinadzaze, kapena linasowa pa siteshoni, ndipo manyazi anaposa mtunda. Agogo anafika ndi mabulangete ochepa, koma makina aja anasoka mayunifomu a ana a sukulu kwa zaka zambiri, mayi anga n'kuphunzirira pomwepo.

Makinawo anawolokanso malire mu 1986, chaka chimene mlatho wa Dona Ana unaphulitsidwa pa nkhondo yapachiweniweni. Mayi anawasenza pa nkhata kuthawira ku Dedza limodzi ndi anthu miyandamiyanda a kuno, ndipo anabwerera nawo mtendere wa 1992 utasainidwa ku Rome.

Masiku ano ana athu amachokera ku Johannesburg pa basi, kudzera ku Beitbridge ndi Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete ali m'tulo, n'kukwera phiri kulowera ku Calomué. Kumbuyo kwa basi kumakhala ngolo ya mafiriji, mamatiresi ndi masola, ndipo mkangano ndi kondakitala umayambira pa sikelo. Basi imawatsitsa pa msewu wa tala. Kuchokera apo amayamba kunenerera mtengo ndi anyamata a njinga zamoto, amene firiji amailipiritsa ngati anthu awiri.