Operekeza Alendo a m'Mapiri a Alps

Aphunzitsi anzanga, tikamaphunzitsa mbiri ya Ulaya timachula mafumu ndi nkhondo zao, koma kawirikawiri timaiwala anthu wamba amene anasunga njira zoyendamo ena. Ndifuna kukuuzani za njira imodzi yotere.

M'mapiri a Alps muli mpata wochedwa Great St Bernard, wokwera mamita 2,469. Tsidya la Italy kuli mudzi wa Saint-Rhémy, tsidya la Switzerland kuli Bourg-Saint-Pierre. Midzi iwiriyi ndi yakale ndithu, pakuti Sigeric, Bishopu wamkulu wa Canterbury, pobwerera kwao kucokera ku Rome m'caka ca 990, anailemba motsatana pa mndandanda wa malo amene anapumulapo.

Njirayo inali yoopsa. M'caka ca 972 acifwamba anagwira Majolus, mkulu wa amonke a ku Cluny, kufupi ndi mudzi wa Orsières, ndipo sanammasule kufikira atalandira dipo. Koma mdani woposa onse anali cipale cofewa, cimene cimagwa ngati ufa m'nyengo ya cisanu ndi kukwirira njira yonse. Cifukwa cace Bernard, wansembe wa ku Aosta, anamanga nyumba ya alendo pamwamba penipeni pa mpatawo ca m'ma 1050, kuti wotopa apeze moto ndi cakudya.

Tsono mlendo akanafika bwanji panyumbayo, njira yosaoneka? Apa ndipo panali nchito ya amuna a m'midzimo, ochedwa marones. Ankabvala zisoti zaubweya ndi nsapato zokhomera misomali kunsi kwace, ndipo m'manja ankagwira ndodo zazitali zofufuzira njira pansi pa cipale.

Mu January 1129 Rudolf, mkulu wa amonke a ku Sint-Truiden, anatsekeredwa ku Saint-Rhémy pamodzi ndi apaulendo ambiri. Operekezawo anabvomera kukwera pa malipiro akuru. M'mawa, alendo ali m'calici kupemphera, iwo anatsogola kukatsegula njira. Pomwepo cipale cinagumuka kuphiri, nicikwirira amuna 10. Anthu a m'mudzimo anathamanga kukafukula abale ao, ena atafa kale, ena atathyoka ziwalo. Alendo anathawira kumunsi ku Étroubles, ndipo kunja kutaca bwino anaoloka amoyo. Dzina la Rudolf tilidziwa, koma buku losimba ulendowo silinasunge dzina la woperekeza ngakhale mmodzi.

Kuyambira 1964 magalimoto amapita pansi pa phiri, m'ngalande yoboola thanthwe. Komabe nyumba ya Bernard ikali kulandira alendo, ndipo oyenda pansi akali kukwera kucokera mudzi wina kunka ku unzace.

Pophunzitsa za ulendo uli wonse wa munthu wochuka, tiwafunse ana athu kuti: kodi anamsonyeza njira ndani, ndipo anamsenzera katundu ndani? Mwana wozolowera funso limeneli sadzapeputsa makolo ace amene maina ao mulibe m'buku.