Bodza Lotsegulira Nkhondo Njira

1. Palibe amene amavomera kuti ndiye wayamba

Boma likafuna kulanda dziko loyandikana nalo, silinena poyera kuti, "Tikufuna nthaka yawo." Likatero, makolo angakane kupereka ana awo ku usilikali, ndipo mayiko ena angalidzudzule. Tsono limayamba lafuna chonamizira. Zili ngati munthu wosirira dimba la mnzake. Amathyola yekha mpanda wake usiku, m'mawa n'kuthamangira kwa amfumu kukadandaula kuti mbuzi za mnzakeyo zamudyera chimanga.

Tiyeni tione zimene zinachitika ku Ulaya m'chaka cha 1939.

2. Nkhondo inali itakonzedwa kale

Nthawi imeneyo dziko la Germany linkalamulidwa ndi Adolf Hitler. Kum'mawa kwake kunali dziko la Poland. Hitler ankafuna mzinda wa Danzig, komanso ankasirira minda ya kum'mawa kuti anthu ake akakhalemo.

Mu Epulo 1939 analamula akuluakulu a asilikali kuti akonzekere kuthira nkhondo Poland. Anawapatsa ndi nthawi yomwe: pofika pa 1 Seputembala zonse zikhale zitatheka. Pa 22 Ogasiti anawasonkhanitsa n'kuwauza kuti chifukwa choyambitsira nkhondo achipeza yekha. Anati chikhale chomveka kapena chosamveka, zilibe kanthu, pakuti wopambana safunsidwa ngati ananena zoona. Mawa lake Germany inasainirana pangano ndi Soviet Union, ndipo mwamseri anagwirizana zogawana Poland.

Onetsetsani madetiwa. Nkhondo inagamulidwa mu Epulo. Chifukwa chake chinapangidwa mu Ogasiti.

3. Mlimi wina dzina lake Franciszek Honiok

Ntchito yopanga bodzali inapatsidwa kwa Reinhard Heydrich, mkulu wa akazitape a gulu la Hitler lotchedwa SS. Iye anadziwa kuti mawu okha sangakwanire. Pankafunika mtembo woti atolankhani awuone.

Anasankha Franciszek Honiok, bambo wa zaka 43. Anali mlimi, komanso ankagulitsa makina a ulimi. Ankakhala mbali ya Germany, koma ankadziwika kuti mtima wake uli ku Poland, chifukwa mu 1921 anamenyera nawo mbali ya Poland pa mkangano wa dera la Silesia. N'chifukwa chake anamusankha: akapezeka atafa, anthu akhulupirira msanga kuti anali m'gulu la oukira.

Pa 30 Ogasiti apolisi achinsinsi a Gestapo anamugwira. Sanamuzenge mlandu, pakuti analibe mlandu. Pokambirana okhaokha, akuluakulu a SS ankatchula anthu ngati iye kuti "chakudya cha m'zitini", kutanthauza katundu wosungidwa kudikira tsiku lake.

Dzina la bamboyu tiligwire. M'mabuku ambiri mumadzaza mayina a olamula okhaokha, pomwe amene anawapha kuti bodza limveke ngati zoona amaiwalika.

4. Usiku wa pa 31 Ogasiti

Mu mzinda wa Gleiwitz, pafupi ndi malire a Poland, munali nyumba youlutsira mawu pa wailesi. Cha m'ma 8 koloko usiku kunafika kagulu ka amuna a mfuti, kotsogozedwa ndi Alfred Naujocks wa SS. Onse anali Ajeremani, koma anadzisandutsa zigawenga za ku Poland. Anamanga ogwira ntchito n'kuwatsekera m'chipinda cha pansi.

Zinthu sizinawayendere monga ankaganizira. Nyumbayo inkangopititsa patsogolo mapulogalamu ochokera ku mzinda wa Breslau, choncho anavutika kupeza poyankhulira. Atapapeza, mmodzi anaulutsa uthenga waufupi m'chinenero cha ku Poland, wonena kuti nyumbayo ili m'manja mwa anthu a ku Poland. Amene anaumva anali ochepa.

Honiok anabwera naye atamubaya jakisoni womufooketsa. Anamuwombera n'kumusiya pakhomo.

Usiku womwewo anachitanso zofanana m'malo ena a m'malire. Pa nyumba ya kasitomu ya ku Hochlinden anasiyapo mitembo ya akaidi ochokera kundende, atawaveka yunifolomu ya asilikali a Poland.

5. Kutacha

Mbandakucha wa pa 1 Seputembala, sitima ya nkhondo ya Germany inayamba kuwombera malo a asilikali a Poland pafupi ndi Danzig. Asilikali oposa miliyoni imodzi anali kale chire m'malire. Gulu lotere silisonkhana usiku umodzi.

Tsiku lomwelo Hitler anauza nyumba ya malamulo kuti Poland ndiyo yakhala ikuputa dala, ndipo Germany ikungobwezera. Nyuzipepala ndi wailesi za boma zinafalitsa nkhani ya ku Gleiwitz ngati umboni.

Pa 3 Seputembala Britain ndi France analengeza nkhondo yolimbana ndi Germany. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inayamba choncho. Ku Poland kokha kunafa anthu pafupifupi 6 miliyoni, theka la iwo Ayuda. Moto wake unafika mpaka kwathu kuno. Nyasaland inali pansi pa Britain, choncho anyamata zikwizikwi analembedwa usilikali wa Keyala, n'kukamenya nkhondo ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma. Ena sanabwerere.

6. Zinaululika bwanji?

Nkhondo itatha mu 1945, atsogoleri a Germany anazengedwa mlandu mu mzinda wa Nuremberg. Naujocks anali m'manja mwa adani ake, ndipo analemba umboni wolumbirira, kufotokoza amene anamutuma ndi zimene anachita. Komabe iye sanalandire chilango pa za ku Gleiwitz. Anamwalira mu 1966 ku Hamburg ali mfulu. Zimenezi zimawawa kuziwerenga.

Lero mzinda uja uli m'dziko la Poland, ndipo umatchedwa Gliwice. Nsanja ya matabwa ya wailesi ija ikadalipo.

7. Ena anachitanso chimodzimodzi

Hitler sanali woyamba. Pa 18 Seputembala 1931, asilikali a Japan anaphulitsa okha njanji pafupi ndi mzinda wa Mukden ku China, n'kuloza chala asilikali a China. Njanjiyo sinawonongeke kwenikweni, moti sitima inadutsapo pasanapite nthawi. Koma Japan inalanda dera lonse la Manchuria.

Mu Novembala 1939 Soviet Union inanena kuti Finland yawombera mudzi wa Mainila. Finland inakana, n'kupempha kuti afufuze limodzi. Soviet Union sinafune kufufuza. Patangopita masiku 4 inalowa m'dzikolo ndi nkhondo.

8. Kwa anansi athu ku Tanzania

Zoterezi zachitikanso pafupi nafe. Idi Amin analanda boma la Uganda mu 1971, ndipo Milton Obote, amene anachotsedwayo, anathawira ku Tanzania. Udani pakati pa Amin ndi Julius Nyerere, mtsogoleri wa Tanzania pa nthawiyo, unali weniweni. Mu 1972 otsatira Obote analowadi mu Uganda kuchokera ku Tanzania, koma anagonja. Apa m'pamene pali ngozi, chifukwa wabodza akakhala ndi kachoonadi kakale kotsamira, anthu amamukhulupirira mosavuta.

Mu Okutobala 1978 wailesi ya Uganda inayamba kulengeza kuti Tanzania yalowa m'dziko lawo ndi nkhondo. Sizinali zoona. Mavuto enieni a Amin anali kwawo komweko: chuma chinali chitagwa, ndipo asilikali ake anali atagawikana. Kumapeto kwa mwezi umenewo asilikali a Uganda ndiwo anadutsa malire. Anapha anthu wamba, anatenga ng'ombe, magalimoto, ngakhale malata a nyumba. Anthu pafupifupi 40,000 anathawa m'midzi yawo. Pa 1 Novembala Amin analengeza kuti dera lonse la Tanzania la kumpoto kwa mtsinje wa Kagera tsopano ndi la Uganda.

Tanzania inasonkhanitsa asilikali, n'kuthamangitsa adaniwo mpaka kwawo. Libya inatumiza asilikali kukathandiza Amin, koma sizinaphule kanthu. Pa 11 Epulo 1979 mzinda wa Kampala unagwa. Amin anathawira ku Libya, kenako ku Saudi Arabia, kumene anamwalira mu 2003 asanaimepo pamaso pa khoti lililonse.