Aligarh: Sukulu Imene Inaleredwa ndi Ana Ake

Mu 1875, mumzinda wa Aligarh kumpoto kwa India, Sir Syed Ahmad Khan anatsegula kasukulu kakang'ono. Panthawiyo dzikolo linali m'manja mwa Angelezi, ndipo Asilamu ambiri ankakana kutumiza ana awo kusukulu za atsamunda poopa kuti akataya chipembedzo. Sir Syed ankafuna malo amene mwana angaphunzire Chingelezi ndi sayansi osasiya Swala ndi Qur'an. Mu 1877 mwala wa maziko a koleji ya Muhammadan Anglo-Oriental unaikidwa.

Mkuluyu anamwalira mu 1898, koleji ili m'ngongole. Tikudziwa kuti sukulu zambiri zimalowa m'manda pamodzi ndi amene anaziyambitsa. Aligarh inapulumuka chifukwa inali itabereka kale ana oti ailere.

Mmodzi wa anawo anali Aftab Ahmad Khan. Akali wophunzira, anayambitsa bungwe la Duty Society, limene linkatuma ophunzira kukapempha thandizo patchuthi kuti anzawo osauka asasiyire sukulu panjira. Mu 1899 amene anamaliza maphunziro pakolejipo anakhazikitsa bungwe lawolawo. Mu 1906 wina mwa iwo, Sheikh Abdullah, pamodzi ndi mkazi wake Waheed Jahan Begum, anatsegula sukulu ya atsikana, imene pambuyo pake inakula n'kukhala koleji ya amayi.

Kuti kolejiyo isanduke yunivesite, boma linkafuna kuti pakhale kaye thumba la marupi 3 miliyoni. Mu 1911 Aga Khan III anatsogolera ntchito yosonkhanitsa ndalamazo, ndipo amene anayenda naye mzinda ndi mzinda anali Shaukat Ali, mwana wa kolejiyo. Mu 1920 Aligarh Muslim University inabadwa, chansala wake woyamba ali mayi, Sultan Jahan Begum, wolamulira wa Bhopal.

Mayeso ena anadza mu 1947, dziko litagawika. Aphunzitsi ndi ophunzira ambiri anasamukira ku Pakistan, tsogolo la yunivesite likukayikitsa. Mu 1948 Zakir Husain, amene anaphunzira pomwepo, anabwerera kudzaitsogolera mpaka 1956, ndipo inalimbanso. Iyeyu ndi amene anadzakhala pulezidenti wa India mu 1967.

Tikaiyang'ana mbiriyi, tikuona kuti anawo sanapereke ndalama zokha. Wina anapereka miyendo yake, wina mbiri yake yabwino, wina zaka za moyo wake. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo chipembedzo chathu chimaika maphunziro opindulitsa anthu m'gulu la ntchito zimene malipiro ake saduka munthu akamwalira. Aliyense wa ife ali ndi madrasa kapena sukulu imene inam'tsegula maso. Amene anaimanga ambiri anatsogola kale. Denga lake likadontha, kapena mwalimu akatha miyezi osalandira kanthu, uthengawo ndi wathu ife amene tinaphunzira pamenepo.