Anzawo ndiwo anawatulutsira mabuku

M'nyengo yozizira ya caka catha, Lacisanu lina nditangomaliza pulogalamu ya m'mawa, anzanga anandiuza kuti panja pali agogo akundidikira. Ndinawapeza pakhonde la wailesi atafunda zitenje ziwiri, pamiyendo pali thumba la feteleza lopindidwa bwino. Anali amayi a kunyumba kwa aphunzitsi ena opuma nchito a kumbali ya Dómuè, amene tinali titawaika m'manda miyezi itatu m'mbuyomo. Inu amene mumamvera pulogalamu yathu ya ndakatulo Loweruka madzulo mukuwadziwa aphunzitsi amenewa, ngakhale kuti sankalola kuchulidwa dzina. Kwa zaka zisanu ndi zinayi ankatumiza ndakatulo pa mapepala ong'amba m'kope, kudzera mwa anyamata a njinga zamoto.

"Mwana wanga," anatero agogowo, "bambo anu anati zimenezi zikafike m'manja mwanu. Ine kuwerenga sindidziwa, ndipo kwathu ciswe n'cambiri."

M'thumbamo munali makope asanu ndi awiri, odzaza mpaka kucikuto. Ndinalandira ndi manja awiri, ndinathokoza, koma usiku umenewo tulo sindinatione. Kuwerenga ndakatulo pa wailesi ndimadziwa. Kupanga buku sindinayambe ndayesapo.

Sabata yotsatira ndinapita kukafunsa nzeru kwa mnzanga amene amaphunzitsa Cipwitikizi ku sekondale kuno ku Ulónguè. Iye anaseka, nati vuto langali ndi lakale kuposa tonse awirife, ndipo anandibwereka mabuku angapo a mbiri ya zolembalemba za dziko lathu. Zimene ndinapezamo ndizo ndikufuna kukufotokozerani. Kusukulu anatiloweza maina a olemba ndi zaka zawo, koma sanatiuze amene ananyamula mapepala awo kupita nawo kosindikiza.

Tiyambe ndi João Albasini wa ku Lourenço Marques, kumene lero timati Maputo. Mu 1908 iye ndi mbale wake José anayambitsa nyuzipepala ya O Africano, ndipo mu 1918 anayambitsa ina yochedwa O Brado Africano, imene inkalembedwa m'Cipwitikizi ndi m'Cironga. M'menemo ankadzudzula cibalo ndi nkhanza zina za atsamunda. Anamwalira mu 1922 asanatulutse buku ngakhale limodzi. O Livro da Dor, buku la makalata ake a cikondi, linatuluka mu 1925 mwini wake atagona kale zaka zitatu, ndipo ambiri amaliwerengera ngati ciyambi ca mabuku olembedwa ndi ana a Moçambique. Taonani, buku loyambalo linatuluka m'manja mwa otsala.

Mmodzi wa atolankhani a O Brado Africano anali Estácio Dias. Mwana wake João Dias anapita ku Portugal kukaphunzira zamalamulo ku Coimbra, nadwala cifuwa cacikulu, namwalira ku Lisboa mu 1949 ali mnyamata ndithu. Anasiya nkhani zolembedwa pamapepala, zonena za moyo wa munthu wakuda pansi pa Apwitikizi. Anzake a kusukulu, Alda Lara wa ku Angola, Orlando de Albuquerque ndi Vítor Evaristo, anasonkhanitsa mapepalawo, ndipo mu 1952 buku la Godido e Outros Contos linatuluka ku Casa dos Estudantes do Império. Nyumba imeneyi anaikhazikitsa mu 1944, m'nthawi ya Salazar, kuti ophunzira ocokera m'maiko olamulidwa ndi Portugal azikumana boma likuwaona. Ophunzirawo anaisandutsa malo osindikizirana mabuku, mpaka boma lomwelo linaitseka mu 1965. Cimene cinandikhudza n'cakuti Alda Lara nayenso anamwalira mu 1962 alibe buku lake. Orlando de Albuquerque, amene tsopano anali mwamuna wake, anagwiranso nchito yomwe ija, ndipo ndakatulo za mkazi wake zinatuluka mu 1966.

Nkhani ya Noémia de Sousa ndiyo ndinaiwerenga mobwereza. Anabadwira ku Catembe mu 1926, ndipo ndakatulo zake pafupifupi zonse anazilemba pakati pa 1948 ndi 1951, caka cimene anacoka kupita ku Lisboa. Zina zinatuluka mu O Brado Africano. Koma mtolo wonse, wochedwa Sangue Negro, unayenda wopanda cikuto kwa zaka 50. Anzake anautaipa pamakina, ena n'kukopera, wina n'kubwereka mnzake, mpaka unawerengedwa ku Lisboa ndi ku Angola. Mu 1953 Mário Pinto de Andrade wa ku Angola ndi Francisco José Tenreiro wa ku São Tomé anaika ndakatulo zake m'kabuku kawo kosonkhanitsa alakatuli akuda olemba m'Cipwitikizi. Ganizani kuti m'masiku amenewo kupezeka ndi mapepala otere kunali kudziitanira apolisi a PIDE. Aliyense amene anasunga kope lake analandira gawo la ngoziyo.

Anthu amenewa ankathokozana pamaso pa onse. Noémia anapereka ndakatulo yake ya Nossa Voz kwa José Craveirinha. Luís Bernardo Honwana atatulutsa Nós Matámos o Cão-Tinhoso mu 1964, buku limene ambirife tinawerengako zigawo zake kusukulu, analipereka kwa Craveirinha yemweyo, ndipo zithunzi za m'katimo zinali za Bertina Lopes. Caka comweco ophunzira a ku Casa dos Estudantes do Império anasindikiza Chigubo, buku loyamba la Craveirinha. Pasanapite nthawi PIDE inamanga Honwana, Craveirinha, Rui Nogar ndi wojambula Malangatana. Craveirinha anakhala m'ndende kuyambira 1965 mpaka 1969. Ufulu utabwera, bungwe la olemba la AEMO linakhazikitsidwa mu 1982, Rui Nogar ali mlembi wamkulu woyamba, ndipo bungwe limenelo ndilo linatulutsa Sangue Negro mu 2001. Amene anakakamira kuti zitheke anali Nelson Saúte, mlembi amene anabadwa ndakatulozo zitalembedwa kale. Noémia analigwira bukulo ali ndi zaka 75, namwalira caka cotsatira.

Mpaka apa mtima wanga unali kukhazikika. Koma pakati pa ndakatulo za Noémia pali ina yokumbukira Rui de Noronha, ndipo nditatsata dzina limeneli tulo tinandithawanso.

Noronha anabadwa mu 1909, analembera O Brado Africano, namwalira pa Khirisimasi ya 1943 wopanda buku. Mphunzitsi wake wakale, Domingos Reis Costa, anatenga ndakatulozo n'kuzitulutsa mu 1946 ndi mutu wakuti Sonetos. Popanda iye mwina dzina la Noronha likanazimirira. Koma mphunzitsiyo anacitanso za uphunzitsi wake: anasintha mawu, anakonza mizere imene sinam'sangalatse, anasankha zimene iye anaziona zoyenera. Kwa zaka 60 anthu ankawerenga Noronha wokonzedwa ndi munthu wina. Mu 2006 ndi pamene Fátima Mendonça anatulutsa Os Meus Versos, atafufuza zimene mwini wake analembadi. Ine sindikhulupirira kuti Reis Costa anali ndi mtima woipa. Ndiganiza ankam'konda wophunzira wakeyo ndipo ankafuna kuti aoneke bwino pamaso pa azungu odziwa Cipwitikizi. Cimene cinandiopsa n'cakuti pensulo yanga inali itayamba kale kuyenda m'kope loyamba la aphunzitsi a ku Dómuè.

Zifukwa ndinali nazo. Aphunzitsi ankalemba Cinyanja monga amalembera ku Malawi, ndi ch pamene ife m'kabuku kano timalemba c. Sindingawadzudzule, popeza inenso kuwerenga ndinakuphunzirira ku Dedza, kumene tinathawira nthawi ya nkhondo, ndipo Cipwitikizi ndinacigwira bwino titabwerera pambuyo pa mtendere wa 1992. Ife a m'malire tinakulira mabuku ndi wailesi za tsidya lija. M'makopemo mulinso mawu akale amene ana athu sawadziwa, ndi mizere ina yaitali imene ine pa wailesi ndinkaidula mwakacetecete kuti nthawi ikwane. Ndiye pali ndakatulo za nkhondo, zimene sanatumizepo ku wailesi. Zimenezo zimanena zinthu monga zinacitikira, kutentha kwa nkhokwe, kusowa kwa ana a sukulu yawo, ndipo sizisiya mbali iliyonse ili yoyera. Mtima wina unkandiuza kuti ndizicotse, kuti bukulo lisakhumudwitse munthu.

Komanso ndili ndi ngongole kwa bambo amenewa. Pamodzi ndi ndakatulo iliyonse ankaikamo kapepala kanga. Kankayamba ndi kuthokoza cifukwa ca pulogalamu yapitayo, kenako n'kundikonza: mwambi uja munaupotoza, liwu lija si Cinyanja. Nditayamba kulemba nthano zanga, iwo ndiwo ankaziwerenga poyamba, ndipo sanasinthepo liwu ndi dzanja lawo. Ankangolemba funso m'mphepete, n'kundisiyira ine. Tsiku lina ndinafuna kuwathokoza pa wailesi, anandikaniza, nati ndikawachula dzina aleka kutumiza. Ndinamvera, ndipo anapita ndisanawathokoze anthu akumva.

Ndinafufuta zimene ndinalemba ndi pensulo. Tinakhala pansi anthu anayi: ine, mphunzitsi wa Cipwitikizi uja, mtsikana wina amene amatumiza ndakatulo kucokera ku Tsangano, ndi mwana woyamba wa malemuwo. Tinagwirizana kuti zonse zitaipidwe monga zilili, ch yemwe, ndipo mawu ovuta tiwamasulire pansi pa tsamba ndi zilembo zazing'ono, owerenga adziwe kuti amenewo ndi mawu athu, si a mwini. Za ndakatulo za nkhondo tinatsutsana madzulo onse. Mwana wawoyo anapempha kuti ziwiri zokha, zimene zimachula mabanja amene akali moyo, zikhale kaye kunyumba. Tinavomera, koma tidzalemba koyambirira kwa bukulo kuti ziwiri zatsala.

Mtsikana wa ku Tsangano amabwera Loweruka lililonse, ndipo pulogalamu ikatha amataipa pa kompyuta ya ku wailesi ine ndikum'werengera. Tamaliza makope atatu. M'kope lacinayi ciswe cinadya pakati pa masamba awiri, ndipo pamenepo tasiya mpata woyera. Ndalama zosindikizira tikusonkherana mwezi ndi mwezi. Zikapanda kukwana tidzacita fotokope ndi kusoka ndi ulusi. Agogo aja atumiza uthenga kudzera mwa mdzukulu wawo kuti buku loyamba likatuluka ndipite nalo ndekha ku Dómuè, ndikakhale pakhonde ndi kuwawerengera kuyambira tsamba loyamba, cifukwa aphunzitsi sanawawerengerepo ngakhale ndakatulo imodzi.