Jake Glaser ndi ntchito imene amayi ake anamusiyira

Mu 1981, mumzinda wa Los Angeles ku America, Mayi Elizabeth Glaser anataya magazi ambiri pobereka mwana wawo woyamba, Ariel, ndipo madokotala anawaika magazi ena kuti apulumuke. Nthawiyo kunalibe njira yoyezera ngati magazi ali ndi HIV. Kuyezaku kunayamba mu 1985. Magazi aja anali ndi kachilombo. Ariel anatengera poyamwa, ndipo mlongo wake Jake, wobadwa mu 1984, anatengera ali m'mimba. Banjali linadziwa zonsezi Ariel atayamba kudwaladwala. Bambo wa anawa, a Paul Michael Glaser, otchuka ndi sewero la pa TV la Starsky & Hutch, ndi okhawo amene anapezeka alibe.

Chimene chinawapweteka kwambiri mayiwa n'chakuti mankhwala a AZT, amene analoledwa mu 1987, anali a akuluakulu okha. Makampani ndi boma sankaganizira za ana, ngati kuti mliriwu unkadumpha makanda. Kholo lililonse limene linagonapo m'wodi ya ana lingamvetse ululu womwa mankhwala iwe, mwana wako akufooka pambali. Ariel anamwalira mu Ogasiti 1988 ali ndi zaka 7.

Chaka chomwecho, poopa kuti Jake atsatira, Mayi Glaser ndi anzawo awiri, Susie Zeegen ndi Susan DeLaurentis, anakhala pathebulo la kukhitchini n'kuyambitsa bungwe la Pediatric AIDS Foundation. Anasonkhanitsa ndalama za kafukufuku, anagogoda pamakomo a aphungu ku Washington, ndipo mu 1992 Mayi Glaser analankhula pamsonkhano waukulu wa chipani cha Democratic ku New York, kudzudzula atsogoleri ozengereza. Anamwalira pa 3 Disembala 1994. M'chaka chimenecho kafukufuku anasonyeza kuti AZT imachepetsa kwambiri mwayi woti mayi apatsire mwana, koma kwa ana awo nkhaniyi inafika mochedwa.

Jake anatsala ali ndi zaka 10. Anakula ndi kachilombo kamene kanatenga amayi ake ndi mlongo wake, komanso ndi dzina lodziwika dziko lonse, pakuti bungweli linadzatchedwa Elizabeth Glaser Pediatric AIDS Foundation. Akanasankha kukhala chete, palibe akanamuimba mlandu. M'malo mwake anakhala kazembe wa bungweli, ndipo amayendera achinyamata okhala ndi HIV, kuphatikizapo a kuno ku Africa. Chimene ndimaona kuti n'chachikulu n'chakuti iye sabwereza mawu a amayi ake. Iwo ankapemphera mwana wodwala mankhwala; iye amalankhula ngati mwana amene anabadwa ndi kachilomboka n'kukula nako.

Nkhaniyi yatifikira pakhomo. Bungweli limagwira ntchito m'zipatala za ku Malawi, dziko limene linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, ndipo mu 2011 linatsogolera maiko onse ndi njira ya Option B+, yoyambitsa mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi HIV mankhwala a moyo wonse. Ana obadwa ndi kachilomboka achepa. Koma amene anabadwa zisanatheke izi ndi anyamata ndi atsikana akuluakulu lero, ambiri oleredwa ndi agogo, ena obisa botolo la mankhwala pansi pa zovala kusukulu yogonera komweko. M'maiko angapo bungweli lili ndi magulu a achinyamata otchedwa Ariel, momwe amene wadutsamo kale amalangiza mnzake. Pokonza ndondomeko za HIV, achinyamata oterewa asamangoitanidwa kudzapereka umboni n'kubwerera; akhale nawo pamene pakugamulidwa zochita ndi ndalama zake.