Mmene Mitu ya Nkhani ya ku Washington Idalowera m'Nyumba za Mabuku

Pamene Charles Ammi Cutter, mkulu woyang'anira mabuku ku Boston Athenaeum, adasindikiza malamulo ake a kalembedwe ka mndandanda wa mabuku m'chaka cha 1876, alembi a m'nyumba za mabuku ku America adali ngati omanga nsanja ya Babele, pakuti yense ankatchula nkhani ya buku monga udamuuzira mtima wake, kotero kuti mabuku awiri okamba za nthenda imodzi ankalembedwa, lina pansi pa dzina lodziwika kwa madokotala, lina pansi pa dzina la anthu wamba, ndipo wowerenga ankabwerera kwawo ataona theka lokha la chuma chimene chidali m'nyumbamo. Cutter adalangiza kuti nkhani iliyonse ikhale ndi mutu umodzi wokha, wolunjika pa nkhaniyo, wa mawu amene owerenga adawazolowera, ndi kuti mayina ena onse asatayidwe, koma lililonse lilembedwe pa khadi lakelake lomuuza wofunafuna kumene ayenera kupita.

Koma lamulo pa lokha silimpatsa mlembi mawu, ndiye chifukwa chake bungwe la American Library Association lidatulutsa mndandanda wa mitu yovomerezeka mu 1895. Mndandanda umenewu ndiwo adautenga J. C. M. Hanson ndi anzake ku Library of Congress, laibulale ya nyumba ya malamulo ku Washington, pamene adayamba kulemba mabuku awo mwatsopano mu 1898, atangolowa kumene m'nyumba yatsopano. Iwo sadakhale pansi kuti agawe nzeru zonse za pansi pa thambo. Ankangowonjezera mutu pamene buku lofuna mutuwo lafika m'manja mwawo, ndipo mitu imene idaunjikana moteremu idasindikizidwa pang'onopang'ono kuchokera mu 1909 kufikira mu 1914.

Tsono funso nali: zidatheka bwanji kuti mawu osankhidwa potumikira aphungu a dziko limodzi alandiridwe m'malaibulale a maiko ambiri, popanda mfumu yowalamula? Ine ndiona kuti chidawayendetsa si ubwino wa mawuwo ayi, koma kakhadi kakang'ono ka pepala lolimba. Mu 1901, pa utsogoleri wa Herbert Putnam, Library of Congress idayamba kugulitsa makhadi ake osindikiza kwa aliyense wowafuna. Khadilo lidali la masentimita 12.5 m'litali ndi 7.5 m'lifupi, loboola kunsi kuti kachitsulo ka m'dirowa kapyole ndi kuligwira, ndipo kumapeto kwake kudali mitu ya nkhani imene alembi a ku Washington adalipatsa bukulo. Mlembi wa m'katauni kakang'ono, amene kale akadatha m'mawa wonse akusanthula buku limodzi ndi kulingalira poliika, tsopano ankangotenga khadi, naliika m'makina otayipira, nalemba mutuwo pamwamba, kawirikawiri ndi inki yofiira, nalilowetsa m'dirowa pa malo ake. Ndani akadakana thandizo lotere pa mtengo wochepa chomwecho? Koma wogula khadi adagula ndi mawu omwe, ndipo atadzaza madirowa ake ndi makhadi zikwi zambiri a mtundu umodzi, kubwerera m'mbuyo kudali kovuta koposa kupitirira.

Ena adayesa njira zawo. Minnie Earl Sears adakonza mndandanda waufupi wa malaibulale ang'onoang'ono mu 1923, koma mosatalikirana ndi wa ku Washington. Azachipatala adakhala ndi wawo, wotchedwa MeSH, mu 1960. Ndipo pamene Henriette Avram adakonza MARC, njira yolembera za mabuku kuti kompyuta iziwerenge, mitu yomweyo idachoka pa khadi niyenda mofulumira koposa kale.

Chimene alembi ambiri sadachione, kapena adachiona nakhala chete, nchakuti lamulo lija la kutsata mawu ozolowereka lidabisa funso lakuti ozolowereka kwa yani, pakuti wowerenga amene adali m'maganizo mwa alembi aja adali mzungu wa ku America, wamwamuna, wachikhristu, ndipo mitundu ina yonse inkatchulidwa monga iyeyo ankaitchulira. Nkhaniyi idaphulikira kwathu kuno ku Africa. Sanford Berman, mbadwa ya ku America, adagwira ntchito mu laibulale ya University of Zambia ku Lusaka kuyambira 1968 kufikira 1970, ndipo kumeneko anzake a pa ntchito adamuuza kuti mutu wakuti "Kafirs", umene udali m'mndandanda wovomerezekawo, ndi chipongwe choopsa chimene atsamunda ankatukwana nacho anthu akuda. Wakutsina khutu ndi mnansi, adatero akale. Berman adamva, nayamba kusanthula mndandanda wonse, ndipo mu 1971 adatulutsa buku lotchedwa Prejudices and Antipathies, mmene adatchula mitu yoposa 200 yonyoza mitundu, zipembedzo ndi amayi, monga "Jewish question" ndi "Yellow peril". Akuluakulu ena adamuyesa wovuta, koma m'kupita kwa zaka mitu yambiri imene adaidandaula idasinthidwa, ina kwathunthu, ina pang'ono chabe.

Kusinthako kumadza mochedwa, ndipo nthawi zina ndale zimaloweramo. Mu 2016 Library of Congress idalengeza kuti ichotsa mutu wakuti "Illegal aliens", ophunzira a ku Dartmouth College atapempha. Aphungu ena adakwiya nayesa kuletsa, ndipo mutuwo udangochoka mu 2021. Komabe kunena zoona, palibe laibulale imene ikadakhoza kusenza yokha ntchito yosankha ndi kusamala mitu yonseyi, ndipo mndandanda wogawana, ngakhale uli ndi zilema, umathandiza wophunzira wa ku Zomba kupeza zomwe adalemba mnzake wa ku London.

Inu amene mufunafuna mabuku a chiyankhulo chathu m'malaibulale otsata mitu ya ku Washington, musalekere pa dzina lakuti Chichewa, limene Malawi adalikhazikitsa mu 1968. Yang'ananinso pa "Nyanja language" ndi pa "Chewa dialect", chifukwa mabukuwo adalembedwa pamenepo.